Sankha Mtsinje, Wapamtima

Basi inali itachedwanso, ndipo mvula ya ku Bradford, ija yosadziwa kugwa yosadziwanso kukata, inkangowaza. Agness anaima pa siteji mapazi akuwotcha m'nsapato. Anali atangoweruka kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino, tsiku lonse ali chiimirire mu wodi ya okalamba.

Foni inali kukhutu. Ankayankhula ndi mayi ake a ku Ntcheu.

"Ayi amama, ndili bwino, kutopa chabe. Ndikafika ndikangogwera pabedi. Za kudya ndionera mawa."

Atangodula, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Pepani achemwali, kugona ndi njala kuno ndi mlandu. Ndikakunenezani."

Chichewa pa siteji ya ku Bradford! Agness anacheuka. Anali mwamuna wamtali wa jekete yakuda, chikwama cha laputopu paphewa, akumwetulira ngati mvulayo ikunyowetsa anthu ena.

"Kodi inu mumamvetsera mafoni a eni ake?"

"Chakwathu chikamveka, makutu amangodzuka okha. Ndine Thumbiko. Kwathu ndi ku Rumphi koma ndimakhala ku Bolton. Kuno angondituma akuntchito."

Basi inafika. Siinkalowera kumene Thumbiko ankapita, koma anakwera basi yomweyo. Pofika potsikira Agness anali atamva zonse: kuti mnyamatayo anabwera kudzaphunzira, kuti anamaliza, kuti tsopano amagwira ntchito ya makompyuta. Anali ataperekanso nambala yake ya foni, chinthu chimene analumbira kuti sadzachitanso.

Pakamwa pa Thumbiko panali pozuna, zimenezo ngakhale mdani wake sakanatsutsa. Mamesiji ankagwa m'mawa, masana, ngakhale pa nthawi ya buleki.

"Duwa langa la ku Ntcheu, wadya?"

"Namwino wanga, odwala onse wawasamalira. Nanga ine wandisiyira ndani?"

"Ndikakhala nawe ndimaiwala kuti ndili m'dziko la eni. Iwe ndiwe kwathu."

Ndani sangakomedwe? Munthu amene tsiku lonse amangomva belu la odwala ndi madandaulo a achibale awo, wina akamufunsa ngati wadya, mtima umasungunuka. Agness anakomedwa, ndipo sanachite nazo manyazi.

Chaka chinatha, china chinalowa. Loweruka lililonse limene sanali pa shifiti, Agness ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku Bolton, kapena Thumbiko ankabwera. Chimodzi chokha ndicho Thumbiko anapempha: kuti Amalawi anzawo asadziwe kaye.

"Anthu akwathu amayankhula zambiri, wapamtima. Tidzangowadzidzimutsa zonse zitapsa."

Koma zinthuzo zinkachedwa kupsa. Mayi ake a Agness ankafunsa pafupifupi foni iliyonse.

"Nanga abale ake a mnyamatayo abwera liti kuno? Malume ako akungodikira."

Agness akamuuza Thumbiko, iye ankamugwira manja onse awiri.

"Ndikulonjeza, Aggie. Sindidzakutaya. Ndikungofuna zichitike mwapamwamba."

Mnzake wa pa wodi, Namukolo wa ku Zambia, ndiye yekha amene ankadziwa. Iyeyo sankabisa mawu.

"Iwe Agness, amuna a kuno ambiri ali ndi wina ku nyumba. Wafufuza bwino?"

Agness ankangoseka. Thumbiko chibwerereni ku Ulaya anali asanapondeko ku Malawi. Munthu angafunsire bwanji mkazi kumene sakupondako? Pamenepo mtima wa Agness unali m'malo.

Tsiku lina mu Okutobala, Thumbiko anamupeza atagona pampando, yunifomu ili m'thupi, nsapato imodzi yokha atavula. Anagwada n'kumuvula inayo.

"Watopa, mayi. Dziko lino likukudya ndikuona. Ndikufuna ndikutenge holide."

"Holide yakuti? Blackpool?"

"Aaa, Blackpool! Ndikunena sitima yapamwamba ya pamtsinje. Ili ngati hotela yoyandama. Sumanyamula chikwama, sumathamangira basi. Umangokhala phee, mizinda n'kumabwera yokha pa windo."

"Thumbi, zimenezo ndi za azungu opuma pantchito."

"Iwenso upume, sabata imodzi yokha, mu Meyi. Ndipo kumeneko ndili ndi mawu oti ndikakuuze. Mawu oti sindinganenere m'khitchini muno."

Tulo tonse tinabalalika. Mawu oti sanganenere m'khitchini! Angakhalenso mawu anji? Agness anayang'ana chala chake chopanda mphete, n'kuchibisa msanga pansi pa khushoni.

Vuto linali tchuthi. Pa wodi pawo munthu sankangodzuka n'kunena kuti ndikupita. Masabata a dzuwa ankalimbiranidwa chaka chisanayambe, ndipo sabata ya mu Meyi imene Thumbiko ankafunayo inali kale m'manja mwa Namukolo. Masiku ake Agness anali atawasungira Ogasiti, kuti akaone mayi ake amene miyendo inali itayamba kuwavuta.

"Ndipatse sabata yako ya Meyi," anatero Agness m'kachipinda komwera tiyi. "Utenge ya Ogasiti. Khrisimasi ndi Nyuwere ndikugwirira ndine."

Namukolo anaika kapu pansi.

"Khrisimasi yonse pa wodi chifukwa cha mwamuna? Na amai ako osawaona? Awe mwandi!"

"Akukandifunsira kumeneko, Namu. Ndikudziwa."

"Wakamba yekha?"

"Sananene, koma ndikudziwa."

Chovuta kwambiri chinali kuimbira ku Ntcheu. Agness anauza mayi ake kuti mu Ogasiti sabweranso.

"Ndamva, mwanawe," anatero mayiwo. "Bola chifukwa chake chikhale chabwino."

Loweruka la kumapeto kwa Novembala ndilo anapatula kuti asankhe mtsinje. Kunja ku Bolton kunkagwa chipale choyamba cha chaka chimenecho. M'mawa Thumbiko anatulutsa malaya atsopano osokedwa ndi chitenje chachikasu cha timbalame tobiriwira.

"Andisokera kumudzi. Ndikufuna ndiwavale lero, likhale tsiku lapadera."

"Avalidwe ali makwinyamakwinya chonchi? Bweretsa kuno."

Agness anawasita bwinobwino, kolala ndi manja omwe, n'kumumangira batani la pakhosi. Kenako anakhala pa sofa, laputopu pa maondo, bulangete limodzi awiri.

"Sankha mtsinje, wapamtima. Uliwonse umene mtima wako wafuna."

Anayamba ndi Rhine. Zithunzi zake zinali za nyumba zakale za mafumu pamwamba pa mapiri, ndipo m'mawa uliwonse alendo amatsika n'kumazungulira mzinda wapansi, wowatsogolera ali patsogolo ndi kambendera.

"Kuyendanso?" anatero Agness. "Ine ndimayenda tsiku lonse pa wodi. Ndikalipire kuti ndikatupitsenso mapazi?"

Anaona Danube. Kumeneko kunali nyimbo za zeze wa azungu, ndi chakudya chamadzulo chofunika madiresi aataliatali. Agness anapukusa mutu. Anali atatopa ndi kumwetulira anthu osawadziwa.

Foni ya Thumbiko inanjenjemera patebulo. Anaitembenuza. Inanjenjemeranso.

"Yankha, mwina ndi zofunika."

"Dikira pang'ono, bebi."

Analowa nayo m'bafa n'kutseka chitseko. Agness anamva nthungululu ndi ng'oma zikuchokera mu foni, kenako mawu a Thumbiko apansipansi. Anakhalitsamo ndithu. Potuluka maso anali ofiira.

"Msuweni wanga akuchita chinkhoswe ku Mzuzu. Amafuna ndiwapatse moni."

"Ndioneko! Ndapukwa zinkhoswe zakwathu."

"Ndi phokoso chabe. Lero ndi tsiku lathu. Tiye, wafika pati?"

Anali atafika pa Douro, mtsinje wa ku Portugal. Sitima zake zinali zing'onozing'ono, zoyenda pang'onopang'ono pakati pa mapiri a minda ya mpesa. Dzuwa lenileni, lotentha pakhungu! Munthu akafuna kutsika amatsika, akapanda kufuna amangogona pamwamba pa sitima pamthunzi.

"Uwu," anatero Agness. "Ndipo chipinda cha pansichi chikwanira, cha kawindo kakang'onochi."

"Mfumukazi yanga ikagone pansi pa madzi ngati mlamba? Zosatheka! Titenga cha khonde. Taona apa, alemba kuti m'mawa amakubweretsera tiyi pabedi."

Agness anawerenga mzerewo kawiri. Iye amene m'mawa uliwonse ankadzutsa nkhalamba, kuzikhazika bwino ndi mapilo, kuzigwirira kapu pakamwa. Iyeyo wina adzagogode, alowe ndi thireyi, amufunse ngati akufuna shuga! Misozi inalengeza osaifuna.

"Ukulira chiyani tsono?"

"Palibe. Ndangosangalala."

Thumbiko anamupsompsona pamphumi.

"Ndidzakusangalatsa mpaka kale, Aggie. Sunga mawu angawa."

Khrisimasi anaidyera pa wodi, atavala kachipewa kapepala, akudula nyama ya nkhukundembo tizidutswa ting'onoting'ono kuti opanda mano athe kumeza. Nyuwere chimodzimodzi. Januwale anali wamdima ndi wozizira, odwala mpaka m'makonde. Msana ukamuwawa, Agness ankatsegula foni n'kuyang'ana chithunzi cha khonde lija, timipando tiwiri ndi madzi kutsogolo.

"Miyezi ikutha, duwa langa," Thumbiko ankalemba. "Pirira. Douro akutidikira."

Lamulungu lina mu Febuluwale, Agness anapeza mpata wopita ku mapemphero a Amalawi a ku Bradford, amene amachitikira mu holo yobwereka. Atatha mapemphero, Anti Constance anaitana amayi onse pakona. Anali namwino wamkulu amene anabwera kale kwambiri, ndipo ukwati, maliro kapena ubatizo wa Mmalawi aliyense m'chigawocho unkadutsa m'manja mwawo.

"Amayi, tili ndi ntchito mu Julayi. Ukwati ku Bolton, ndipo atipempha kuti tikaphike. Mkwatibwi ndi Ipyana, mwana wa mnzanga wa ku Karonga. Mapepala ake akuyenda bwino, afika mu Juni."

"Nanga chinkhoswe?" anafunsa mayi wina.

"Chinachitika kale ku Mzuzu, mu Novembala. Mkwati sanathe kupita chifukwa cha ntchito, ndiye anamuimirira mng'ono wake Eston. Ankhoswe analandirana tambala ndi msoti, zonse zinayenda, mwini wake akuonerera pa foni. Masiku ano ndi mmene zikukhalira. Taonani vidiyo, mwanayo ndi wokongola bwanji!"

Foni inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika kwa Agness.

Choyamba kuona chinali nsalu. Chitenje chachikasu cha timbalame tobiriwira. Mtsikana anachivala, azakhali anachivala, mnyamata amene anaima pambali pa mtsikanayo anachivala, atanyamula chithunzi chachikulu cha mu felemu. Nkhope ya pa chithunzicho Agness akanaizindikira ngakhale mu mdima.

Kenako wina anakweza foni pafupi ndi maikolofoni kuti anthu onse amve. Pa galasi la foniyo panali Thumbiko, batani la pakhosi lili chimangire. Kumbuyo kwake kunali matailosi oyera a m'bafa, ndi thaulo lofiira la Agness likulendewera pachitseko.

"Ipyana wokondedwa," mawu anamveka, "ngakhale ndili kutali, mtima wanga uli pomwepo. Ndidzakusangalatsa mpaka kale."

Amayi a mu vidiyo anaimba nthungululu. Amayi a mu holo anaseka mokondwa. Agness anapatsira foniyo mayi wotsatira.

"Agness, iwe mandasi ndi ako," anatero Anti Constance. "Ako aja ofewa aja. Wamva?"

"Ndamva, anti."

Mmene anafikira pa siteji sanadziwe. M'basi anakhala pampando wakumbuyo, akuyang'ana manja ake. Manja omwewo ndiwo anasita malaya aja! Iye ali pa sofa kusankha mtsinje, kuseri kwa khoma munthu ankatomera mkazi. Ankati sangafunsire kumene sakupondako. Anaiwala bwanji kuti kwathu ukwati amamanga ndi ankhoswe, mwini wake ngakhale ali kutsidya kwa nyanja?

Mesiji inalowa.

"Switi, wapemphera bwino? Wandipemphererako?"

Anayankha mawu awiri okha: "Bwera mawa."

Thumbiko anafika masana, atanyamula maluwa a mu shopu ya pa siteshoni. Analowa akuimba kanyimbo. Ataona nkhope ya Agness, nyimbo inathera pakhosi.

"Vuto ndi chiyani, bebi? Kuntchito?"

"Khalani pansi."

"Khalani? Lero ndakhala inu?"

"Anti Constance andipatsa ntchito ya mandasi pa ukwati wanu. Ndimati ndifunse, mumakonda a shuga wambiri kapena wochepa?"

Maluwa anatsetsereka n'kugwera pa kapeti. Thumbiko anakhala pampando pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Aggie, ndimvere kaye."

"Ndikumva. Ntchito yanga ndi yomvera anthu."

"Si ine ndinasankha. Ndi makolo. Bambo ake a mtsikanayo ndi bambo anga anagwirizana kalekale, ndisanabwere kuno. Ndakhala ndikuzengereza, ndikukana, koma amama anayamba kulira pa foni, akuti ndikuwachititsa manyazi. Ndikanatani? Ipyana sindikumudziwa bwino n'komwe. Amene ndimamukonda ndi iwe, Mulungu akundimva!"

"Mulungu musiyeni, ali ndi zambiri. Ipyanayo akudziwa za ine?"

Thumbiko anayang'ana pansi.

"Malaya aja munandipatsa dala kuti ndisite?"

"Unalanda wekha, Aggie. Ndinasowa chonena."

Agness anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Zinali zoona, analanda yekha. Ankafuna kukalipa, kuswa mbale, kuitana anthu a nyumba yoyandikana kuti adzaone. Koma mphamvu zake zinali kuti? Mkwiyo umafuna munthu wogona mokwanira. Iye anangomva kutopa kolowa mpaka m'mafupa.

"Ndiuzeni chimodzi. Sitima ija inali ya holide yanu ya ukwati? Munandituma kuti ndisankhire mkazi wanu bedi?"

"Ayi! Ayi, Aggie, usandiganizire choncho. Ulendo uja ndi wathu, wa iwe ndi ine. Ulipobe. Palibe chasintha."

"Nanga mawu aja? Oti simunganenere m'khitchini?"



"Ndi omwewa. Ndimafuna ndikakuuze kumeneko. Utapuma, utadya bwino, mtima uli pansi. Ndimati tikakambirane ngati anthu akuluakulu, tione mmene tingapitirizire. Sindikufuna kukutaya."

Apa ndiye Agness anamvetsa, ndipo zinamupweteka kuposa vidiyo ija.

"Pakati pa mtsinje," anatero motsitsa. "M'dziko limene sindidziwa chilankhulo chake, tikiti yobwerera ili m'thumba mwanu. Poti ndisathe kutsegula chitseko n'kuchoka. Ndilire masiku awiri, lachitatu ndivomere kukhala wachibisira."

"Sindinaganize choncho."

"Munaganiza. Inu mumaganiza zonse, a Thumbiko. Ine ndinasiya amayi anga akudikira ku Ntcheu. Ndinawauza kuti chifukwa chake ndi chabwino. Ndikawauze chiyani tsopano?"

Thumbiko anagwada pa kapeti, misozi ili chuchuchu. Anayesa kumugwira mapazi.

"Duwa langa, wapamtima wanga, ndipatse nthawi. Ndikonza. Ndikulonjeza!"

Mawu omwe aja, okoma ngati kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtima wa Agness unagundabe powamva. Ankamukondabe, ndipo anadziwa kuti akamulola kukhala mpaka madzulo, adzamuphikira. Anaimirira msanga n'kukatsegula chitseko. Mphepo yozizira inalowa m'nyumba.

Thumbiko anadzuka, napukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Pakhomo anaima.

"Ndiye sitimayo nditani nayo? Chipinda chija unasankha wekha."

"Musinthe deti, mudzapite ndi Ipyana. Pa chinkhoswe chake anavina ndi mng'ono wanu ndi felemu. Mwina pamtsinjepo angakaoneko mwini wake."

"Aggie..."

"Ndipo mukamuuze zoona musanakwere. Pamtunda, pamene pali chitseko."

Anatseka. Anamva mapazi akuima kanthawi panja, kenako akutsika masitepe, kenako zii.

Agness anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira chitseko, n'kulira mmene anali asanalirirepo chibwerereni m'dziko lino. Analira mpaka mutu unayamba kuwawa. Atatha anadzuka, nasamba m'maso, n'kukatenga yunifomu pa chingwe. Mawa kunali shifiti ya m'mawa, ndipo okalamba ake adzafuna tiyi.